Ulendo wokamvera injini ya bwana Mhango

Bambo anga, a Lufeyo, sankakhulupirira maso pa nkhani ya galimoto. Ngakhale kale, ng'ala isanawaphimbe, ankati galimoto ya dizilo suigula poiyang'ana, umaigula poimvera, ndipo umaimvera m'mawa, itagona usiku wonse popanda woikhudza. Mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo. Koma pamene ndinaganiza zogulitsa minibasi yanga kuti ndigule chigalimoto chimene chinali ku Bolero, sindikanachitira mwina, ndinawatenga.

Galimotoyo sinali yachilendo kwathu. Bambo anali dalaivala wa boma ku Capital Hill, ndipo kwa zaka zambiri ankayendetsa bwana Mhango, mkulu wina wa ku unduna, munthu wa kumpoto, wokonda tchalitchi kwabasi. Ife tinkakhala kuboyizikota, kuseri kwa nyumba yawo ku Area 47. Tsiku limene galimotoyo inalowa pageti ili yatsopano ndimalikumbukira bwino: yoyera, yaitali msinkhu, mipando yachikopa ikadali m'mapulasitiki. Bambo anavula nsapato asanakwere. Amayi anawaseka mlungu wonse.

Bwana atapuma pantchito anaigula kuboma n'kupita nayo kwawo. Atamwalira inatsala m'manja mwa akazi awo, amene ife tinkangowatchula kuti Madamu. Ndiye tsiku lina mwana wawo Wongani, amene tsopano ndi mphunzitsi konko, anandiimbira foni. Akuti Madamu akufuna kuigulitsa, koma osati kwa munthu wongotola pamsewu, akufuna ipite kwa anthu oidziwa.

Ine mutu unazungulira. Ndinayamba kale kuiona itavala maliboni ikunyamula akwati ku Area 10, kapena mabungwe akuichita hayala kupita kumidzi. Ndinali nditatopa ndi kulimbirana anthu pasiteji kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wogula minibasi anali atapezeka kale, ankangodikira kuti ndimuimbire. Mkazi wanga Esinala ndiye sanasekerere.

"Bambo a Chisomo, minibasi ija ndiyo imatidyetsa pano. Mukaigulitsa n'kubweretsa chitsulo chakufa, anawa muziwaphikira matayala."

"N'chifukwa chake ndikutenga madala," ndinatero. "Akakati ayi, ndi ayi."

Tinanyamuka Lachinayi, mwezi wa Juni, mphepo ikuboola jekete. Bambo anatulukira atavala suti yawo yotuwa ija ankavala poperekeza bwana kumisonkhano, nsapato zili waliwali, m'manja kathumba ka mtedza wa kwathu ku Mitundu kokapatsa Madamu. Ndinawafunsa ngati tikupita kukafunsira mbeta. Anangowongola jekete lawo.

Pa depoti ya ku Old Town ndinapusa ngati mlendo. Ine munthu wa pasiteji, wodziwa machenjerero onse, ndinakwera basi nditaona mitu pamawindo onse, oitanira akulumbira kuti kwatsala anthu awiri okha. Titangokhala pansi, mitu ija inayamba kutsika umodziumodzi. Anali anyamata ongokhalitsidwa kuti basi ioneke yodzaza, zomwe ifenso timachita tsiku ndi tsiku. Asa! Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kutentha denga la basi. Ogulitsa mandasi, masokosi ndi mankhwala a makoswe ankangolowa ndi kutuluka, dalaivala akupondaponda moto kutinamiza kuti tikunyamuka.

Kupondaponda kumeneko ndiko kunawayambitsa bambo. Anapendeketsa mutu, khutu kuloza kutsogolo, kenaka n'kulankhula mokweza ngati ali pamsonkhano.

"Basi iyi ku Kasungu sifika."

Mayi wina wonenepa amene tinakhala naye mpando umodzi, wogulitsa zitenje wa ku Ekwendeni, anatembenuka.

"Agogo, musatilodze! Ena tanyamula katundu wa eni."

"Sindikulodza, mayi. Ndikumva."

Tinatuluka m'tauni dzuwa lili pamutu. Kanengo, Lumbadzi, basi ikungoyenda. Pa Mponela tinaima nthawi yaitali akukweza matumba a chimanga. Ndinagula chimanga chootcha, bambo anakana poopa kudetsa suti, analandira nthochi basi. Mayi wa zitenje uja anawagunda ndi chigongono.

"Agogo, pano ndi pa Mponela. Ikupumabe."

Pa Madisi chimodzimodzi. Ndipo titalowa m'tauni ya Kasungu, basi ikuthamanga ngati yagulidwa dzulo, mayi uja anaimirira n'kulengeza: "Abale, tafika pa Kasungu! Tiyeni timuombere m'manja mneneri wathu." Basi yonse kuseka. Bambo nawonso anaseka, koma ine ayi. Mumtima ndinati, khutu limeneli ndilo ndalidalira? Esinala akanakhala pano bwenzi akungondiyang'ana ndi diso lake lija.

Pa Kasungu pomwepo tinapeza dizilo akuvuta. Basi inalowa pamzere ndi anthu ake omwe, kumbuyo kwa malole ndi mathirakitala. Poyamba tinakhala m'basi n'kumadandaula, kenaka anthu anayamba kutsika. Ena anakadya tchipisi, ena anakagona pansi pa mtengo, wina anakalowa m'babashopu. Mzere unangoyenda mwadzidzidzi, basi n'kuthira, dalaivala n'kuyamba kuimba belu ngati wamisala. Wa kubabashopu uja anabwera akuthamanga, mutu atameta mbali imodzi, ndipo anayenda choncho mpaka ku Mzuzu.

Pa Jenda matimati ndi anyezi zinalowera pamawindo monga mwa nthawi zonse. Mayi wa zitenje anagula thumba la anyezi n'kulikhazika pa nsapato zopolisha zija. Bambo anangobweza miyendo. Kwa munthu amene anakhala zaka zambiri akuyendetsa galimoto yozizira m'kati, ulendo wa pabasi unali chilango, koma sanadandaule.

Tsoka linatipeza ku Chikangawa, ndipo silinachokere ku injini. Tinangomva phuu! basi n'kuyamba kuvina, azimayi kukuwa, dalaivala n'kuikhotetsera pambali. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika. Atatsitsa la sipeya anapeza lilibe mpweya. Kondakitala analikweza palole yodutsa n'kupita nalo ku Mzuzu, ife n'kutsala m'nkhungu, kuzizira kukulowa mpaka m'mafupa.

"Agogo, mwina chimene munamva chija chinali tayala?" anafunsa mayi uja.

"Tayala silidandaula lisanaphulike, mayi," anatero bambo. Mayiyo anaseka n'kuwafunditsa chitenje chatsopano chochokera m'katundu wake.

Tinakakhala pachitsa patali pang'ono ndi anthu. Bambo anandifunsa kuti ndikuona chiyani kumapiriko. Ndinati zitsa, ndi timitengo tating'ono apa ndi apo.

"Kuno kale dzuwa sunkaliona," anatero. "Mitengo mbali zonse. Pa Khirisimasi tikamapita kumudzi ndi bwana, ndinkayatsa magetsi masanasana. Madamu kumbuyo akuimba nyimbo za tchalitchi m'Chitumbuka, bwana akuwodzera koma akukana kuti sakugona. Galimoto ija pamtunda uwu sinkapempha n'komwe giya. Tiyi m'kapu osatayika."

Anasisita bondo.

"Maliko, ukaigula, ndili ndi pempho limodzi."

"Nenani."

"Tsiku langa likadzafika, usadzandikweze palole ya njerwa ngati mmene tinawatengera mayi ako. Mipando yakumbuyo ija imapindika. Bokosi limalowa bwinobwino, tinanyamulapo mchimwene wa bwana. Udzandiperekeze ku Mitundu pa imeneyo."

"Aaa, inu bambo, mwayambapo," ndinatero, n'kuseka. Ndinali nditatenga munthu woti akandiuze zoona za galimoto, ndipo munthuyo ankaifuna galimotoyo kuposa ine. Akakangoti ili bwino, minibasi yapita. Ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni nthawi yomweyo.

Tayala linabwera mdima utayamba. Ku Mzuzu tinagona pa resitihausi ina ya pafupi ndi depoti, m'mawa n'kukwera minibasi ya ku Rumphi. Mayi wa zitenje tinamusiya pa Ekwendeni akukuwa pawindo kuti, "Mukamve bwino kumeneko, agogo!" Kuchoka pa Rumphi kupita ku Bolero tinapanikizana m'kagalimoto ka matola, anthu anayi kutsogolo, dalaivala akusintha giya pakati pa miyendo ya munthu. Suti ija inafika itakwinyika ngati yochokera m'thumba.

Galimotoyo tinaimva tisanaione. Tikuyenda m'kanjira kolowera kunyumba, bambo anaima n'kundigwira dzanja.

"Ndi iyo."

Nkhope yawo inawala ngati amva mawu a m'bale. Kenaka inagwa.

"Ailiza kale."

Inali pansi pa mtengo wa mango, yoyera mbee, madzi akudonthabe m'matayala, injini ikulira pang'onopang'ono. Madamu anatuluka pakhonde atatsamira ndodo.

"Monire, a Lufeyo! Koma mwakalamba!"

"Inunso, Madamu, simunatsale."

Anagwirana manja nthawi yaitali, onse misozi ili m'maso. Wongani anabwera akupukuta manja pansanza, akumwetulira ndi mtima wake wonse.

"Ankolo, ndaitsuka yonse, ndi injini yomwe, kuti musadetse suti. Ndailizanso kale kuti musavutike."

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero bambo, koma dzanja lawo linanditsina pamkono.

Mwina nkhaniyi ndiifotokoze. Injini yotsuka sionetsa pamene oyilo akuchucha, ndipo injini yotentha imabisa utsi ndi phokoso lake. Ku Lilongwe ogulitsa galimoto amachita zimenezi dala, ukafika umapeza zonse zikunyezimira. Koma Wongani sankabisa kanthu. Kwa iye kuonetsa mlendo, makamaka munthu wamkulu amene ankamupititsa kusukulu, galimoto yafumbi ndi yozizira kukanakhala mwano. Ulemu wake ndi umene unatitseka makutu.

Masana amenewo bambo anaiyendera ndi manja. Anayendetsa zala m'mipata ya zitseko kuti amve ngati zinawongoledwapo. Anagogoda thupi lonse ndi chala, akumvera pamene chitsulo chikulira mosiyana. Ananunkhiza makapeti, anapapasa matayala, anandituma kuti ndilowe pansi ndiwauze ngati pali dzimbiri kapena pootcherera. Atafika kumbuyo anapeza kobooka pang'ono pabampala n'kuseka.

"Apa inagunda geti la ku Area 47. Madamu ankaphunzira kubwerera m'mbuyo."

"Mukundiulula, a Lufeyo!" anakuwa Madamu ali pakhonde.

Za mbiri yake sanafunse ngati wapolisi. Mita ya makilomita inali itaima kalekale, ndiye panalibe choiwerengera. Anangokhala pakhonde ndi kapu ya tiyi n'kumacheza. Kodi bwana ankapita nayo kuti masiku otsiriza? Madamu anamasuka. Akuti galimotoyo inasanduka ya mudzi wonse. Wodwala akapezeka, kwa a Mhango. Mayi woyembekezera, kwa a Mhango. Maliro, chimanga cha tchalitchi, simenti ya sukulu, zonse. Bwana sankadziwa kukana. Tsiku lina inawira pokwera phiri itadzaza anthu a kwaya, anaithira madzi a mumtsinje n'kupitiriza ulendo. Bambo ankangoti "Eya, eya," koma ndinaona kapu itaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

Kenaka ndinaiyendetsa kukafika pa sitolo za pa Bolero n'kubwerera. Abale, ndisaname, ndinagwa nayo m'chikondi. Munthu wozolowera minibasi yogwedera, kukhala pampando wachikopa, msewu wa mabampu osaumva, anthu m'mbali akukupatsa moni! Pobwera ndinali nditatulutsa kale foni kuti ndiimbire wogula minibasi uja. Bambo anamva kulira kwa mabatani.

"Bweza m'thumba. Sindinaimve."

Loweruka tinadzuka m'mamawa kuti tiipeze yozizira. Tikutsegula chitseko, tinamva ikulira kale, Wongani ali ndi ndowa ndi nsanza, akuimba mluzu. Anali atadzuka tambala woyamba kuti alendo asamupeze asanakonze.

Ndinawakokera bambo kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, ingomuuzani asaikhudze! Ine minibasi ndasiyira munthu, Esinala akungoimba foni. Tikhala kuno mpaka liti?"

"Ukufuna ndiuze mwana wa bwana, pakhomo pa mayi ake, kuti ndikumuyesa wakuba?"

"Nanga titani?"

"Tidikira mawa."

"Mawa ndiye kuti sadzuka?"

"Iwe unakulira kuseri kwa nyumba yawo koma sunaphunzire kanthu. Pakhomo pa bwana Mhango galimoto satsuka Lamulungu. Ngakhale nsapato sapolisha. Ine ndinkatsuka Loweruka madzulo, Lamulungu ndinkangoliza n'kupita nawo kutchalitchi."

Ndinakumbukira. Lamulungu ku Area 47 kunkakhala zii, ngakhale mpira Wongani sankaloledwa kumenya, ankangotisuzumira pampanda ife tikusewera.

Madzulo ake, pa tiyi, bambo anakonza pakhosi.

"Madamu, ndili ndi pempho. Mawa popita kutchalitchi, ndiloleni ndiilize ndine, ngati kale."

"Ankolo, musavutike, ndi..." anayamba Wongani.

"Apatse makiyi," anatero Madamu. "Ndi galimoto yawo imeneyo kuposa iwe."

Dzuwa lisanalowe bambo anapempha tsache, nasesa pansi pa galimoto mpaka dothi kusalala. Wongani anafuna kuwalanda, koma iwo anati ndi chizolowezi chakale, asawaletse.

Lamulungu kunacha kozizira, udzu uli mbuu ndi mame. Panja panalibe munthu, m'nyumba mokha munkamveka Madamu akung'ung'udza nyimbo. Bambo anayala sanza n'kugwada pambali pa tayala.

"Pansi pali chiyani?"

"Madontho akuda. Ambiri ndithu, pansi pa injini."

Anapapasa, nanunkhiza chala. Anatsegula boneti okha, dzanja likupita pamalo pake osasaka. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kundifunsa pamene wafika. Anali pansi, chonsecho Wongani anati anathira mkati mwa mlungu. Kenaka anamasula chotsekera oyilo n'kungochikhazika pakamwa pake osamanga.

Analowa, nakhala pampando wawo. Anausuntha pang'ono, nagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kukhala choncho kanthawi. Ine sindinawafulumize.

Atapotokola kiyi, injini inazungulira, inazungulira, osagwira. Anasiya, nadikira, nayesanso. Inagwira monyinyirika, galimoto yonse ikunjenjemera, ndipo kumbuyo kunatuluka utsi wobiriwira umene unadzaza pansi pa mango. Ndinadikira kuti uthe, sunathe. Chotsekera oyilo chija chinkavina n'kumapuma utsi ngati chivundikiro cha poto wowira. Ndipo pansi penipeni pa phokoso lonselo pankamveka kugogoda, go, go, go, kumene ngakhale ine ndinakumva.

Bambo anatsika, naika dzanja pathupi la galimoto, mutu atapendeketsa ngati mmene anachitira pa depoti. Ndinadziwa kuti akangoti "zimatero m'mawa, ikatentha zisiya," ndiwakhulupirira, chifukwa nanenso ndinkafuna.

"Zimitsa," anatero.

Ndinazimitsa. Kunangoti zii.

"Usagulitse minibasi, Maliko. Mnzangayu watopa. M'kati mwatha."

"Nanga za ku Mitundu zija?"

"Lole ya njerwa nayonso imafika."

Anatulutsa kampango n'kupukuta zala chimodzichimodzi, nthawi yaitali kuposa mmene oyiloyo analili. Ine ndinayang'ana kumbali.

Sanadikire kuti ndikanene ndine. Anapita pakhonde pamene Madamu anali atatuluka atavala za kutchalitchi, navula chipewa.

"Madamu, mundikhululukire. Mwana wangayu sagula. Galimoto ija yagwira ntchito yake, yatha. Mukathira oyilo m'njira, ulendo wautali umodzi ikhoza kukwanitsa. Wachiwiri sindikulonjeza. Ndipo musaigulitse kwa munthu amene mudzafune kuonana nayenso."

Madamu anayang'ana galimoto ili pansi pa mango. Ndinaopa kuti akhumudwa.

"Makaniko aliyense amanena zake," anatero pomaliza. "Ndimafuna ndimve kwa inu. Yewo, a Lufeyo. Tiyeni, belu lalira."

Bambo anawatsegulira chitseko chakumbuyo kumanzere, pamene ankakhala nthawi zonse, nadikira kuti akonze chitenje, natseka mosamenyetsa. Anaibweza okha kuchoka pansi pa mango mpaka pamsewu, osaona koma osakhudza kanthu, kenaka n'kundipatsa chiwongolero. Njira yonse Madamu ankaimba, bambo ali pambali panga akundilangiza ngati sindinayendetsepo: chepetsa apa, usaikakamize, isiye ipume.

Lolemba Wongani anatiperekeza pasiteji. Ankaoneka wamanyazi, ngati watiitanira ulendo wachabe. Bambo atakwera, ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse, za kutsuka kuja, ndi zimene bambo anandipempha pachitsa ku Chikangawa. Ndinkafuna adziwe kuti madalawo sananyoze galimoto ya bambo ake. Iye anagwira pakamwa.

Ulendo wobwerera unalibe nkhani. Bambo anagona kuyambira pa Jenda mpaka pa Lumbadzi. Esinala atamva anangoti, "Mulungu adalitse apongozi anga," ndipo m'mawa mwake ndinali pasiteji ngati kale.

Bambo anamwalira chaka chotsatira, chimanga chitangokololedwa. Ndinaimbira Wongani kumuuza, monga mmene timauzira aliyense. Lole ndinali nditapangana kale ndi mnzanga wa ku Area 36. M'mawa wotenga thupi tinali kunja kwa nyumba ya chisoni, azimayi akuimba, pamene ndinamva go, go, go kuchokera kugeti. Sindinafunike kutembenuka.

Inalowa ili fumbi lokhalokha, utsi ukuitsatira. Wongani anatsika maso ali psuu, kumbuyo kuli zigubu za oyilo zopanda kanthu. Madamu anali pampando wawo wa kumanzere.

"Mipando imapindika bwanji?" anafunsa Wongani. "Ine sindinayesepo."

Tinaipinda awiri. Bokosi linalowa bwinobwino. Ndinayendetsa ndine mpaka ku Mitundu, pang'onopang'ono, osaikakamiza, Madamu atasamukira kutsogolo akuimba nyimbo zija za ku Chikangawa.

Titaika maliro, m'mawa mwake Wongani anakwera kuti abwerere kwawo. Anapotokola kiyi. Inazungulira, inazungulira, osagwira. Anyamata a m'mudzi anasonkhana kuti akankhe, wina anathamangira kukafuna batire. Madamu anakweza ndodo yawo.

"Isiyeni. A Lufeyo anati ulendo umodzi."

Ili pomwepo mpaka lero, kuseri kwa nyumba ya bambo. Madamu ndi Wongani ndinawaperekeza ku Bolero pa minibasi yanga.